Habu Inathyoka Ndili pa Chiwongolero

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kuno ku Dubai ndili bwino, alhamdulillah.

Loweruka lapitali bwana anakathamangitsa galimoto yawo yaliwiro ija kubwalo la mpikisano. Pobwerera anali atatopa, ndiye ndinayendetsa ndine. Tikuyandikira dera la Sports City, habu yogwira tayala lakutsogolo inathyoka mwadzidzidzi, galimoto n'kuyamba kukhotera kumene kunali lole.

"Yusufu, ponda buleki!" anakuwa bwana.

Sindinawamvere. Ndinagwiritsitsa chiwongolero, n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono monga munandiphunzitsira pa minibasi yanu, mpaka tinaima m'mphepete mwa msewu. Bwana ataona tayala litapendekeka, anandikumbatira.

"Amene anakuphunzitsayo ndikufuna ndimuthokoze ndekha," anatero.

Choncho Lachisanu musadzazimitse foni, adzakuimbirani. Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze atakhala pansi. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yusufu