Magwafa Asanu ndi Awiri a Kudimba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Namitete tilipo, kupatula mtima wangawu.

Mukukumbukira kuti Lachiwiri lotsatana ndi maliro a mayi, amuna a mlongo wathu adadula mitengo yanga ya magwafa kudimba, ati inkachititsa mthunzi pa nazale yawo ya fodya. Pamene ndinkalima bonongwe ndi mpiru adalandaponso.

Sabata yatha ndidapita kuchipatala chifukwa cha phuma. Adokotala adati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mitsempha yayamba kuuma. Nditawaonetsa botolo la mavitamini mudanditumizira lija, adapukusa mutu. "Aphunzitsi, mapiritsi awa sangalowe m'malo mwa masamba ndi zipatso. Kodi dimba mulibe?"

Chonde musatumizenso botolo lina. M'malo mwake aimbireni foni alamuwo, poti inu amakumverani, andibwezere mbali yanga ndidzalemo ndiwo mtimawu usanandigwetse.

Mulungu akusungeni. Muwakumbutsenso kuti mitengo ija idalipo isanu ndi iwiri, ndipo mpaka lero sanadzale ngakhale umodzi.

Ine mkulu wanu,
Yohane