Ovololo isabwerenso kunyumba

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Elube. Ndikulemba mofulumira mwana ali kumsana, ndiye mukaona zilembo zikupendama musati ndaiwala za kusukulu ayi. Koma ndiyambe ndi kunena kuti tonse tili moyo, kuti mtima wanu ukhale pansi. Mawa m'mawa ndikaima pamaso pa amayi anzanga kukanena mawu otsutsana ndi amene munandilangiza, ndipo sindingapite ndisanakuuzeni inu poyamba.

Mimba munandisiya nayo ija inabala mwana wamkazi, tinamutcha Lute. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akakwiya amatulutsa mlomo wam'munsi monga munkachitira inu tikachedwa kumunda. Tsopano akukwawa, ndipo chilichonse akachipeza n'chakukamwa basi. Chimanga chaka chino chinachita bwino, nkhokwe yanu tinaifoleranso udzu watsopano. Mtedza ndiwo unakana. Achimwene a Filipo anapita ku Halale mvula isanagwe, mpaka lero zii. Nkhuku yanu yamawangamawanga ija ndinaisunga monga munanenera, sindinaiphere mlendo aliyense. Za iyo ndikuuzani kutsogoloku.

Mkamwini wanu, bambo a Lute, analembedwa ntchito kumalo oyesera fodya kufupi ndi Chamama kuja. Sali kumunda ayi, ali m'nyumba ya mabotolo imene amati labotale, momwe amayeza ndi kusakaniza mankhwala ophera tizilombo ta m'nazale. Anawapatsa ovololo, chovala chija cholumikiza malaya ndi buluku. Loweruka lililonse ankabwera nayo, ine n'kuichapa mpaka zala kuyera, chifukwa mawu anu sindinawaiwale. Tsiku lija musanandilowetse m'nyumba munati, "Elube, mwamuna wako asadzagwire sopo iwe uli ndi manja." Fungo lake linali lobaya m'mphuno, nthawi zina mutu unkandiwawa ndikamaliza, koma ndinkati ndi dzuwa.

Ndiye mwezi wathawu mnzawo wina wa ku Wimbe anadwala pantchito. Kumeneko ankakoka mankhwala ndi pakamwa kudzera m'kapaipi kagalasi, ngati munthu akuyamwa madzi ndi bango, ndiye iye anakoka kwambiri mpaka mankhwalawo anafika palilime. Anamunyamula akutuluka dovu. Anachira, koma kuyambira pamenepo a Mwale, amene amayang'anira anthu a m'labotale, anaimitsa ntchito n'kuyamba kuwaphunzitsa onse. Bambo a Lute akaweruka ankandiuza zonse ndikusenda maungu, ngati mwana wobwereza za kusukulu. Pakamwa sipakokanso mankhwala, pali kampira kofinya. Manja azivala magolovesi. Mazenera azikhala otsekula. Munthu asadye, asafwenkhe fodya, asanasambe m'manja ndi sopo. Botolo lokhala ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa opingasa likatha, aliswe n'kulikwirira m'dzenje, asapatse mkazi kuti aziikamo mchere. Mankhwala akagwera pakhungu, madzi ambiri ndi sopo nthawi yomweyo, osayamba wafuna munthu woti umufunse. Ndipo munthu akalowedwa, umamuona ndi dovu, thukuta, kusanza, ndiponso kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati kambewu ka fodya.

Zonsezo ndinati zabwino. Koma lamulo lomaliza ndilo linatibweretsera mlandu. Anati ovololo isatulukenso pachipata. Aliyense azichapa yake yekha komweko atavala magolovesi, asambe thupi lonse, avale zovala zake zakunyumba, ndiye azipita.

Amayi, mukuwadziwa anthu a pamudzi pano. Mwamuna kuchoka m'mawa, kubwera madzulo atasamba, akununkhira sopo, Loweruka pachingwe panga popanda ovololo! Kuchitsime anayamba kundifunsa akuseka. "Elube, amuna ako akuwasambitsa ndani masiku ano?" Wina anati, "Kaya wawadyetsa mankhwala kuti azidzichapira okha, kaya ku Chamama kuli mnzako wa manja ofewa." Ndinkawafotokozera, koma ankangoti, "Eee, amuna akafuna kunama amati ndi lamulo la kuntchito."

Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Naphiri, amene atisunga chichokere inu, zinawapweteka kwambiri. Anati dzina lanu likunyozeka, anthu ati mwana wa malemu sanalangizidwe. Tsiku lina madzulo anaima kuseri kwa nkhokwe n'kuitana mkamwini. Iye ananjuta chapatali, nkhope kumbali, monga mwa ulemu. Iwo anati, "Mkamwini, mwana wathuyu manja anaduka? Ngati mwatopa naye nenani, koma musatichititse manyazi. Loweruka chovala chija chibwere." Inu mukudziwa, mkamwini angatsutse bwanji apongozi pamudzi pawo? Munthu amene ankandilakatulira malamulo onse aja anangoomba m'manja n'kuti, "Ndamva, amayi."

Loweruka anabwera nayodi masana, ataikulunga m'chiguduli n'kubisa pansi pa mpando wa njinga. Anandikokera pambali n'kuti, "Mai a Lute, lero mankhwala anatayikira pamkono wake, sindinaichape. Usaikhudze. Angoiona kuti yabwera, Lolemba ndibwerera nayo." Anaipachika pamtanda wa chigafa cha fodya, napita kukathandiza amalume kumanga fodya. Ine ndinasiya Lute ndi amayi aang'ono, ndinatenga mtsuko kupita kuchitsime.

Amayi aang'ono sanachite ndi mtima woipa, Mulungu akuona. Anafuna kuti anthu odutsa aone ovololo ili pachingwe changa, miseche ithe. Anaitsitsa, anainyika m'beseni langa lalikulu pabwalo, n'kulowa m'nyumba kukafuna sopo.

Pamene ndimafika, choyamba kuona chinali anapiye a nkhuku yanu ija ali gonegone mozungulira beseni, timiyendo m'mwamba. Nkhuku yanu inali ikuzungulira pamodzimodzi, mapiko atagwa, kukamwa kukutuluka madzi. Ndipo Lute, Amayi, Lute anali atagwira mlomo wa beseni ndi dzanja limodzi, lina ali kumenya nalo madzi, akuseka.

Mtsuko sindinautule, madzi ake ndinangomukhuthulira pathupi. Sindikudziwa kuti nzeru inachokera kuti, koma m'mutu mwanga munangomveka mawu aja akuti madzi ambiri ndi sopo. Ndinamugwira manja kuti asafike kukamwa, ndinamuvula, ndinalanda sopo m'manja mwa amayi aang'ono, ndinamusambitsa ndi madzi onse a m'nyumba, akumwa omwe. Analira mpaka mudzi wonse unasonkhana. Ndinamutsekula zikope, kadontho kanali kakakulu bwinobwino. Dovu panalibe koposa la masiku onse. Komabe bambo ake anatikweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Anamuona, anatisunga mpaka m'mawa, nati mwana alibe kanthu, madzi sanafike kukamwa ndipo mwachita bwino kumusambitsa msanga.

Titabwerera tinapeza amayi aang'ono atakhala pakhonde, sanadye. Anandiuza anthu kuti dzulo lake mayi wina woyandikana nafe anatola nkhuku yanu ija itafa nati, "Yonenepa chonchi tiitaye? Tichotse matumbo basi, ndiwo zimenezi." Amayi aang'ono anamumenya padzanja nati, "Siya! Ukufuna tiike maliro angati pamudzi pano?" Iwo eni anatenga khasu, anakumba dzenje lakuya kuseri kwa chulu, kutali ndi chitsime, anakankhiramo ndi ndodo nkhuku, anapiye, ovololo, ndi beseni lomwe. Amayi aang'onowo atandiona anangotenga Lute n'kumununkhiza pamutu. Kenaka anati, "Ndikanapha mwana wa mwana wa mkulu wanga chifukwa cha pakamwa pa anthu."

Amayi, nkhuku yanu ndiyo inayamba kumwa. Ikanachedwa, sindikanaona kanthu pabwalopo koma mwana akusewera ndi madzi, ndipo ndikanayamba ndatula mtsuko bwinobwino. Ine ndikuti munali inu. Abusa angandidzudzule akamva, koma ndi mmene mtima wanga ukunenera.

Lolemba bambo a Lute anakadzinenera okha kwa a Mwale. Ndinali ndi mantha kuti ntchito yatha. Anawakalipira ndithu, mpaka anabwera maso ali pansi. Koma a Mwale atamva za apongozi ndi za kuchitsime, akuti anati, "Ndiye kuti taphunzitsa amuna okhaokha, pamene ochapa ali kunyumba." Choncho mawa aitana akazi onse a anthu a m'labotale, ndi apongozi awo omwe, kuti akatiphunzitse pansi pa mtengo kunja kwa chipata. Akatisonyeza botolo la chigaza kuti aliyense alidziwe, ngakhale wosawerenga. Ndipo apempha kuti ine ndikanene zimene ndinaona, poti amayi amamvera mayi mnzawo kuposa mwamuna wa kolala.

Mantha ndili nawo, sindinayankhulepo pagulu. Koma ndikudziwa chimene ndikanene, ndipo sindikabweza. Ndikati, amayi anzanga, ovololo isabwere kunyumba. Mwamuna wanu akabwera atasamba, musafunse kuti wamusambitsa ndani, thokozani kuti mwana angamukwere pamiyendo. Mabotolo aja amene ena mwaikamo mafuta a nyale ndi mchere, abwezeni akaswedwe. Amayi aang'ono ati atsogola ndi iwo, atavala chilundu chawo cha kutchalitchi, ndipo aliyense woseka akayankhana ndi iwo.

Ndiye ndikupempheni, musandione ngati ndataya mwambo wanu. Malaya a mkamwini wanu a Lamulungu ndikuchapa ndine, ndikusita ndine, madzi osamba m'mawa ndikutenthetsa ndine. Koma chovala chimodzi chokhachi mundilole mkamwini wanu agwire sopo yekha. Munkandiuzanso inu nomwe ndili wamng'ono kuti, "Ukaona mwana ali pafupi ndi moto, usayambe wapereka moni kwa alendo." Ndikhulupirira mukanakhala pabwalo paja Loweruka, mukanayamba ndinu kutenga khasu.

Mwanapiye mmodzi anatsala, anali atasochera m'khola la mbuzi pamene anzake amamwa. Ndi wamawangamawanga ngati make. Ndikumulera m'dengu pafupi ndi moto, Lute akumufuna tsiku lonse kuti amuike kukamwa.

Ndikulonjezani, Amayi, mwanapiyeyu sadzaphedwera mlendo. Ndipo Lute akadzakula ndidzamulangiza mawu anu onse monga munandipatsira, koma pa za sopo ndidzamuuza kuti ayambe wafunsa kuti chovalacho chachokera kuti.

Tsalani mumtendere, ndikukukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Elube