Bambo Anayamba Ntchito Asanafike

Goliati, Thyolo
9 Novembala 2025

Wokondedwa Crispin,

Muli bwanji ku Joniko, iwe ndi mlamu wanga Violet? Nanga mlendo wathuyo akuyamwa bwino? Pachithunzi chija zikuoneka kuti mphuno watengera iwe, koma usadandaule, ena amakula nazo bwinobwino. Kuno tili bwino. Mvula yayamba, tiyi waphukira, ndipo bondo la mayi lalosera kale kuti igwa mpaka Epulo.

Ndamva kuti ukufuna kumutcha mwanayo Abrahamu, dzina la bambo. Usakalembetse kaye mpaka umalize kalatayi.

Ntchito unandipatsa ija ndinaiyamba, yokonza mzere wa zaka za moyo wa bambo ndi mayi, woti tidzapachike pa chikondwerero cha zaka makumi asanu za ukwati wawo. Unati poti ndine mphunzitsi, sizingandivute. Ndinabwereka laputopu ya kusukulu, ndinatsegula pulogalamu yolembera, n'kugoneka pepala chopingasa. Ndinajambula mzere wautali wokhala ndi muvi kumapeto, n'kuugawa mofanana, zaka khumikhumi. Chochitika chilichonse chili ndi kabokosi kake, chaka ndi mawu ochepa. Za bambo pamwamba pa mzere, za mayi pansi. Iwenso uli nako kabokosi, kakang'ono.

Zaka zina ndinkazitenga pakamwa pa bambo, zina m'chikwama chawo chija cha mapepala. Pakamwa anati anafika kuno kuchokera ku Mozambique mu 1972, akuthawa nkhondo. Khadi la kuesiteti likuti anayamba kuthyola tiyi mu 1966.

Nkhani ziwirizi tazimva kuyambira tili ana, koma zinali zisanakhalepo moyandikana. Ndinayesa kukokera kabokosi kena uku ndi uku, ndimvekere mwina ndasokoneza ndine. Ayi ndithu. Bambo athu anagwira ntchito ku Thyolo zaka zisanu ndi chimodzi asanafike ku Thyolo.

Loweruka ndinawaonetsa pakhonde ndikuseka. Ndinati ndikudziwa kuti kuesiteti amakonda anthu olawirira, koma apa ananyanya. Iwo sanaseke. Anavala magalasi, nayang'ana mpata uja nthawi yaitali. Kenaka anati ndisasunthe kalikonse, makinawo sananame.

Anati Abrahamu anali mkulu wawo. Ndiye amene anabwera mu 1966, nalembedwa ntchito, napatsidwa nambala ndi nyumba ya kumalaini. Bambo pofika mu 1972 anamupeza akutsokomola kale, ndipo mkuluyo anamwalira miyezi itatu isanathe. Nyumba inkayendera nambala: mwini nambala akamwalira, otsala ankatuluka. M'nyumbamo munali agogo ndi azakhali awiri, opanda kolowera. Kapitawo wina wa kwawo komweko anauza bambo kuti mawa akamaitana mayina pasikelo yoyezera tiyi, angoyankha dzina la mkulu wawo. Anayankha. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mkulu wawoyo anakamuika mwakachetechete ku Khwethemule, mtanda wopanda dzina, poti m'mabuku a kuesiteti anali akuthyolabe tiyi.

Ndinafunsa mayi ngati ankadziwa. Sanasiye n'komwe kusankha nyemba zawo. Anati anauzidwa asanakwatiwe, ndipo sanaonepo vuto, poti iwo akaitana kuti bambo a Teleza, munthuyo amabwera.

Ndiye taona, mchimwene: masatifiketi athu onse akuti Abrahamu. Ine ndi digiri yanga yonseyi ndine mwana wa munthu amene sanakwatirepo. Ndinanena zimenezi kuti tiseke, ndipo tinasekadi. Kulira ndinakalirira ku nthochi.

Dzina lenileni la bambo ndi Malizani. Analitchula pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa jekete lakale kuti aone ngati likumukwanabe.

Ndinawafunsa kuti mzere uja ndiutani. Anati ndijambule wina waufupi pamwamba pa wawo, woyambira 1948 n'kuthera 1972, anthu adzauone pachikondwerero, abusa omwe. Ndajambula. Umenewo sindinauike muvi.

Nditawauza za dzina la mwana, anapukusa mutu. Anati Abrahamu wagwira ntchito mokwanira, yake ndi yawo yomwe, timusiye apume. Anati ngati ukufunadi kutcha mwanayo dzina lawo, Malizani lilipo, ndipo ndi latsopano ndithu, analivala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zokha.

Sananditume kuti ndikuuze zimenezi. Ndikukupempha ndine. Mwana ndi wako ndi Violet, ndipo mukasankha lina sindidzakwiya kupitirira mwezi umodzi. Koma chimwalirireni agogo palibe amene wawatchula dzina limenelo, ndipo makutu awo ayamba kugontha. Ndikufuna adzalimve likuitanidwa pabwalo pano, ngakhale woitanidwayo ali wa m'manja.

Mulungu akusungeni nonse atatu. Undiperekere moni kwa Violet, ndi kwa amalume aPhilip ngati mumaonanabe. Mayi akuti mwanayo muzimuveka chipewa.

Ndine mlongo wako,
Teleza, mwana wa aMalizani