Kapepala pa Nkhope ya Munthu Wamoyo

Perth
Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Tasha,

Muli bwanji ku Darwin? Akuti kumatentha ngati ku Nsanje. Ine ndili bwino, kungoti chifuwa chija chimabwerabe kukazizira. Amayi akugwirabe ntchito kuchipatala ku Nedlands. Atate amapita ku mgodi n'kubwera, ndipo akabwera nyumba yonse imati zii.

Nambala munasintha osandiuza. Adiresiyi ndachita kuipempha kwa msuweni wathu Felesta. Ndiye pirirani ndi Chichewa changa chija chinkakuseketsani.

Nkhani ndi iyi: kuno akuti munamwalira.

Sukulu inatitumiza kukaphunzira ntchito. Anzanga anathamangira kumagalaja ndi kumashopu, ine ndinasankha laibulale, poti kumeneko palibe amafunsa chifukwa chake ukudya wekha. Anandiika m'chipinda chosungira zithunzi ndi mapepala akale, kwa Mayi Bennett. Mayiwa ndi a mtundu wa Noongar, eni nthaka ino azungu asanabwere.

Anandiphunzitsa mwambo wa anthu awo. Munthu akamwalira, mabanja ena safuna kuti dzina lake litchulidwe kapena nkhope yake ioneke mpaka iwo atalola. Abale akapempha, Mayi Bennett amaphimba nkhopeyo ndi kapepala. Ndinaona kuti n'zaulemu, moti ndinakazifotokoza kunyumba tikudya. Ndikanadziwa ndikanangotafuna chakudya changa.

Laibulaleyo ikukonza chionetsero cha mabanja a ku Africa okhala mu Perth, ndipo mpingo wathu unabwereketsa zithunzi. Chimodzi ndi chija cha kwaya ya ana, nthawi imene tinkapemphera m'shedi ku Welshpool. Inu muli kumbuyo, mu tayi ija munkadana nayo, mutandinyamula pakhosi, ine mano akutsogolo atagweruka.

Atate, poti ndi mkulu wa mpingo, anabwera kudzatchula mayina a anthu a m'zithunzi. Ine ndinali kuseri kwa mashelefu. Atafika pa inu anaika chala pankhope panu, nati mwana ameneyu anatisiya, banja likupempha mwambo uja. Mawu sananjenjemere n'komwe. Mayi Bennett anawagwira dzanja n'kuwapepesa.

Atate atachoka, mayiwo anandipangira tiyi, nandifunsa chifukwa chake ndinasenza maliro ndekha osanena. Anati nkhopeyo aphimba okha, ine ndisavutike. Ndinawaona akudula kapepala, akukayeza pamutu panu. Ndinawauza kuti muli moyo, kuti munachoka pakhomo mutanena kuti ndinu mkazi, atate nati iwo anabereka mwamuna, ngati palibe mwamunayo ndiye palibenso mwana.

Anaika sizasi pansi. Kenako anandiuza kuti agogo awo anatengedwa ndi boma ali kamtsikana, ndipo makolo anauzidwa kuti mwanayo anafa. Anati mwambo wawo ndi wolirira akufa, si fosholo yokwirira amoyo.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Ayi. Anati nkhope saphimba, komanso chithunzicho sachipachika ndipo dzina salemba, lakale kapena latsopano, mpaka mwini nkhope atalankhula. Anati mwina simukufuna kuti anthu akuoneni mu tayi ija. Ndinati ine ndine m'bale wanu, ndikudziwa zimene mungafune. Anaseka pang'ono, nati atate akonso ndi m'bale wake, ndipo nawonso akuti akudziwa.

Anawaimbira atate kuwauza kuti pempho lawo lakanidwa. Atate sanachite kufunsa kuti waulula ndani. M'galimoto anati ndawavula pamaso pa mlendo, ndipo ngati ndikufuna kukutsatirani, bwalo la ndege ndikulidziwa. Chilankhulireni chimenecho sanandiyankhulenso. Akafuna mchere amauza amayi kuti auze mnyamatayo. Amayi anati ndikanangokhala chete, kapepala sikapha munthu. Ndinawafunsa kuti maliro anu analira liti, poti ine sindinaitanidwe. Anatuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.

Nanunso ndili nanu mawu, achemwali. Munathawa moto n'kundisiya ine m'khitchini. Ndikumva kuti muli ndi anzanu, mumaseka. Ine ndimadya ndi anthu amene popemphera amatchula aliyense, mpaka azakhali a ku Area 25, koma pa inu amadumpha. M'chipinda chanu aikamo makatoni ndi njinga yakufa. Zaka zonsezi ngakhale kakalata koti Lamson uli bwanji?

Pempho langa ndi ili. Chionetsero chitsegulidwa kumapeto a mwezi uno. Nambala ya Mayi Bennett ndailemba kuseri kwa pepalali. Mukati chipachikidwe, alemba dzina limene mutchule inu. Mukati chisaoneke, apanga china chofanana n'kuchitsekera mu kabati, palibe adzachiona popanda mawu anu. Koma mukangokhala chete, iwo sasunga kanthu, chithunzi chibwerera ku mpingo m'manja mwa atate. Sizasi ali nayo. Zithunzi zonse za m'nyumba anakudulanimo kale, m'zina mwatsala dzanja lanu lokha paphewa langa. Ichi ndi chokhacho chimene tili athunthu awiri.

Kunena zoona ine ndikufuna chipachikidwe, mpingo wonse udzawerenge kuti Tasha. Koma ndauzidwa kuti nkhopeyo si yanga, ndipo ndavomera ngakhale zikuwawa. Sankhani nokha. Chachikulu imbani, mayi aja amve mawu a munthu amene anatsala pang'ono kumuphimba.

Mupereke moni kwa Felesta, musamukalipire. Amayi ndi atate sanandipatse moni woti ndikupatseni, ndipo sindinama kuti anandipatsa. Mulungu akusungeni ndi moyo, poti ena anakuikani kale.

Ndine mlongo wanu amene wakana kukhala namfedwa,

Lamson