Mfuti Pasukulu Yathu

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kitweko pamodzi ndi mkamwini wanga. Kuno ku Mlolo tilipo. Mano anditsalira awiri, ndipo nawonso sakumana.

Boma laika apolisi amfuti pasukulu yathu chifukwa cha zigawenga zodumpha malire. Mwana wako Tiyanjane akuti masiku ano ngakhale ahedi sachedwa.

Lolemba ndinapeza amai Rosa, aja anathawa nkhondo ku Mozambiki, ataima kumpanda akuyang'ana mfutizo. Pakamwa pangapa ukupadziwa. Ndinati, "Amai, abwera kudzasankha ana amiyendo italiitali, akakhale asilikali!"

Sanaseke. Analowa m'kalasi aphunzitsi ali pabolodi, nakoka mwana wao Zuze, nagwiranso dzanja la Tiyanjane. Tinawapeza dzuwa litapendeka ali m'nkhokwe, ana atafunditsidwa masaka.

Amai Rosa anandiuza motsitsa mau, "Achimwene, kwathu anthu amfuti anafikiranso kusukulu. Mwana wanga woyamba anamutenga sileti ili m'manja."

Zuze sanapondenso kusukulu. Tiyanjane amapita, koma ndimamuperekeza ndekha, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka aweruke. Wapolisi wina amandinena kuti, "Madala, mwayamba Giredi 1?" Ndimatsegula pakamwa, nthabwala osatuluka.

Ukabwera pa Khirisimasi, chonde udzakambe ndi amai Rosa kuti Zuze abwerere m'kalasi. Iwe angakumvere. Ine ngakhale moni sandiyankhanso.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine tate wako,
Yelesani