Amuna Anga ndi Mayi Wotikita Zipsera

Aphungu,

Ndine mayi wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Amuna anga, a Fabiano, amasonkha moto pa ng'anjo youmitsira tiyi ku fakitale. Chaka chatha anapsa kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Bala linapola, koma chipsera chinakoka khungu moti mkono sunkawongoka. Akapitawo ananeneratu kuti munthu wolephera kunyamula nkhuni alibe ntchito, ndipo ntchito ikatha, nyumba ya esiteti ya kulaini tichokamo.

Ndiye anthu anatilozera kwa a Magdalena a kwa Nchilamwela. Akuti anaphunzira kutikita zipsera pachipatala cha mishoni, kwa anamwino amene kale ankathandiza asilikali a Keyala obwera ku nkhondo. Amafunditsa mafuta a nsatsi n'kumakanya chipseracho ndi zala zazikulu ngati akufewetsa chikopa. Ndisaname, mkono wayamba kuwongoka.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mayiwa amuna awo anamwalira, ndipo si okalamba ayi. Potikita amatseka chitseko. Tsiku lomwe ndinaperekeza anandiyalira mkeka pakhonde, m'katimo ndikumva amuna anga akubuula. Chondiwawa kwambiri n'chakuti a Fabiano anabwera ndi lamulo, amvekere, "Amayi aja ati tisamagone mphasa imodzi, mankhwala angasukuluke." Mafuta a nsatsi anayamba liti kusukuluka? Mayiwo akuwagwira Loweruka lililonse, ine mwiniwake ngakhale malaya sandivulira. Anzanga kumunda akundiseka, ati ndabwereketsa khasu nthawi ya dzinja. Kodi ndiwaletse kupitako?

T. M., Thyolo

Mayi T. M.,

Musawaletse. Mkono umenewo ndi umene ukusungitsani m'nyumba ya kulaini, ndipo anzanu okusekaniwo sadzakupatsani pogona.

Za chitseko zisakuvuteni. Chipsera chokokana chimawawa zedi pochitikita, ndipo bambo wandevu safuna kulira mkazi wake akuona.

Chimene chandiimitsa makutu ndi cha mphasacho. Lamulo limeneli munalimva pakamwa pa yani? Pa amuna anu, osati pa a Magdalena. Asing'anga ambiri amalamuladi kudika, koma ine ndikukayika ngati wophunzira kumishoni anganene zimenezo. Amene ndikuwakayikira ndi a Fabiano, osati pa chibwenzi, koma pa manyazi. Akuopa kuti mukaliona thupi lawo momwe liliri lero mudzanyansidwa nalo, ndiye abisala kumbuyo kwa mwambo.

Mwina ndalakwa, koma paja safunsa anadya phula. Pitani nokha kwa mayiwo, opanda mnzanu wokometsa nkhani. Athokozeni kaye, kenako afunseni mwaulemu ngati analamuladi zimenezo. Mukatero apempheni akuphunzitseni kutikita, pakuti chipsera chimafuna dzanja tsiku ndi tsiku, osati Loweruka lokha. Munthu woona pa ntchito yake adzakondwa kupeza womuthandiza. Mayiwo akayamba kuzembazemba, musamenyane nawo, kaitaneni ankhoswe.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku limene a Fabiano adzalimbe mtima n'kuvula malaya pamaso panu, adzakhala akuyang'ana nkhope yanu. Mukadzachita tsinya kapena kuyang'ana kumbali, sadzavulanso, ndipo pamenepo musadzanamizire a Magdalena.

Aphungu