Flossie Wanga mu Filimu ya Rafaelo

Loweruka, 5 Okutobala 2024

Rafaelo wabweranso ndi zake. Mlongo wanga ameneyu chibwerere ku koleji sanapeze pogwira, ndiye mutu umangowira. Chaka chatha inali nkhani ya nkhuku za mazira, zinatha ndi chitopa. Chaka chino ndi filimu. Akuti yoseketsa, yojambula ndi foni yake yong'aluka ija, ndipo a ku parishi amulola kale kukaionetsa mu holo pa Tsiku la Anakubala.

Nkhani yake akuti akuluakulu onse a m'mudzi apita ku maliro kuseri kwa phiri, mlatho wakokoloka, ana atsala okha masiku atatu. Ndiye ayamba kudzilamulira, wina woweruza, wina wapolisi, wina wansembe. Ndaseka asanamalize n'komwe.

Akufuna Flossie wanga. Akuti akhale kamwana kosadziwa kanthu, kokhulupirira kuti makanda amagulidwa ku chipatala ndiponso kuti mwezi umatsatira iko kokha. Ndati mutenge, bola isakhale nthawi ya sukulu. Mwiniwake anali kuseri akuchapa tizovala ta mng'ono wake Takondwa. Wangosuzumira thovu lili m'manja.

"Zizitha nthawi yanji, amalume? Ine ndimakhala ndi zochita."

Zaka khumi ndi chimodzi, anthuni!

Lamulungu, 6 Okutobala

Titatuluka Misa ana onse anaunjikana pa Rafaelo ngati akugawa masiwiti. Aliyense akufuna kukhala wapolisi, wakuba palibe. Udindo umenewo waupereka kwa mbuzi ya akatekisiti.

Abambo a ana aimba kuchokera ku Joni. Mwa nthawi zonse ndinakwera pachulu, poti netiweki imagwira pokhapo. Ndawauza za filimu, aseka. Afunsa ngati tili bwino, ndati tonse tili bwino, musadandaule. Chaka chachiwiri tsopano chichokere. Takondwa amawadziwa ngati mawu otuluka m'foni basi.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tsiku la sikelo. Ndinadzuka mbandakucha, kuvala yunifolomu, buku la katemera m'chikwama, njinga, zitunda zija za ku Lobi. Ana makumi anayi ndi mphambu. Ndalankhula za phala losakaniza mpaka kukhosi kuuma. Ulangizi wa zaumoyo ndi miyendo ndi pakamwa basi. Mwamwayi alipo a Elena, aneba anga, amene amandisungira Takondwa Lachiwiri ndi Lachinayi. Flossie amakamusiya popita kusukulu, amakamutenga poweruka. Popanda iwo kaya.

Ndafika masana ndapeza akujambula pansi pa mlombwa wa kuseri kwa tchalitchi. Mayo ine, nthiti zanga.

Flossie amayenera kuyang'ana kumwamba n'kufunsa kuti, "Kodi mwezi ukunditsatiranji?" Wafunsa ngati wapolisi wa pamsewu akufunsa ziphaso. Rafaelo akuti, "Fewetsa nkhope, seka ngati mwana!" Iye, "Ndiseke chiyani, amalume?"

Kenako amayenera kugwetsa mphika, usweke, alire. Katatu konse wauwakha usanafike pansi. Kachinayi wakaniratu, akuti mphika wabwinobwino uwu. Pakati pa kujambula waimitsa zonse kuti apukute mamina kamwana ka eni ake, n'kuuza woweruza kuti asunthe, nsalu yake igwira moto.

Rafaelo anangokhala pansi atagwira mutu. "Achemwali, mwana uyu munam'bereka ali ndi zaka makumi anayi?"

Lachitatu, 9 Okutobala

Amusintha. Kamwana ka mwezi kaja apatsa Sophie, mnzake wa m'kalasi. Flossie tsopano ndi mayi wa mudzi wonse. Akuti lero sanabwereze ngakhale kamodzi.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndimafunafuna chitenje changa cha maluwa ofiira ndi chikwama chakale cha kuntchito. Ndazipeza zili pathupi la Flossie, kutsogolo kwa foni ya Rafaelo, Takondwa ali kumbuyo kwake.

Kayendedwe kake kanga ndithu. Dzanja m'chiuno, kuima pakhomo, kuyang'ana bwalo lonse kaye asanalankhule. "Ndani wasiya ndowa chosavundikira? Mukufuna kolera?" Amayi amene amaonerera anagwa ndi phwete, onse kundicheukira. Wina anati, "Adokotala athu enieni awo!" Ine ndimatero kodi? Ndafunsa Rafaelo, akuti ndimaposa pamenepo.

Mbuzi yadya pepala lomwe analembapo mawu a wansembe, ndiye mnyamatayo walalikira za m'mutu mwake. Wadalitsa mapichesi, wadalitsa njinga, wadalitsa ndi mbuzi yomwe.

A Elena analipo, koma anaima kutali. Nditawapatsa moni anayankha maso ali pansi, n'kuti, "Takondwa wakulatu, tamusowa." Kumusowa bwanji munthu munali naye dzulo lomweli? Ndinaseka, iwo sanaseke. Mwina ndawalakwira penapake. Ndikawapatsa kabichi Lamulungu.

Loweruka, 12 Okutobala

Amaliza kujambula. Rafaelo wadzitsekera kwake akulumikiza zidutswa, sakudya, sakusamba. Wandiuza pawindo kuti pali malo ena amene Flossie analankhula zosalembedwa, ndipo ndi pokoma kuposa ponse. Ndati ndionetse. Akuti muonera mu holo ngati anthu ena onse.

Flossie wasoka batani la yunifolomu yanga ndisanamuuze kuti lathothoka.

Lolemba, 14 Okutobala

Kutentha. Mutu. Kabichi uja ndinaiwala.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, sikelo kulibe, sukulu kulibe. Holo inadzaza isanakwane thu koloko. Mawindo anatseka ndi mabulangete, kutsogolo anapachika nsalu ya paguwa yakale, makina oonetsera anabwereka kusekondale. Fungo la thukuta ndi zitumbuwa. Rafaelo anavala jekete m'kutentha konseku.

Anthu aseka, ine sindinaonepo. Mlandu wa mbuzi ndiwo unapha anthu. Woweruza akufunsa kuti, "Ukuvomera kapena ukukana?" mbuzi n'kulira nthawi yomweyo, akatekisiti kumbuyo kukuwa kuti, "Yakana!" Sophie ndi mwezi wake anachita bwino zedi.

Ndiye Flossie. Akugawira ana chakudya, mbale zisanu ndi imodzi, yake palibe. Kamwana kena kakufunsa, "Inu simudya?" Iye osacheuka n'komwe, "Ndadya kale kukhitchini." Amayi onse mu holo anakuwa, ena kuomba m'manja. Bodza lathu lakalekale limenelo, tonse timalidziwa.

Kenako wakwera pachulu, chitsononkho pakhutu ngati foni. "Halo? Tonse tili bwino, musadandaule." Mawu anga enieni, mpaka kakuseka kaja ndimaika kumapeto. Watsitsa chitsononkho, wakhala pansi, wapuma mpweya wautali. Wamasula Takondwa, wamuika pamiyendo, akumuchotsa zitsotso m'mutu. Ndiye motsitsa mawu, ngati waiwala kuti pali foni, "Iwe usadzawauze amayi kuti sindinapite kusukulu, wamva? Atopa kale."

Holo yonse, "Aaaa!" kenako kuseka. Inenso ndinaseka. Ndinati m'filimu akulu kulibe, ndiye zikugwirizana.

Potuluka anthu amandigwira chanza ngati ndasewera ndine. Anabwera a Zikhalo, aphunzitsi a Sitandade 6, akupukuta misozi ya kuseka.

"Mayi, mwana wanu ndi katswiri. Koma mutu wake uja munapita naye kuchipatala? Ndimadabwa, umamupweteka Lachiwiri ndi Lachinayi pokha."

Ndinati zikomo aphunzitsi, tiona. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji. Flossie anali patsidya anzake atamuzungulira, iye akufunafuna nsapato ya Takondwa pansi pa mabenchi.

Sindinamufunse lero. Linali tsiku lake.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndinayamba ndi a Elena, Flossie atapita kusukulu. Ndinawapeza akusenda mbatata. Ndisanakhale n'komwe anayamba kulira.

Nkhani yake ndi iyi. Sabata yoyamba sukulu zitatsegulidwa, Lachinayi, anapita ndi Takondwa kudimba. Anamukhazika pamthunzi, iwo n'kumathirira tomato. Flossie poweruka anawatsatira komweko, n'kupeza mwana atagwada m'mphepete mwa chitsime, akufuna kugwira chule. Anamunyamula n'kubwerera naye kunyumba. Lachiwiri lotsatira anabwera m'mawa, mwaulemu wake wonse, n'kuti, "Amayi akuti Takondwa azitsala ndi ine, kusukulu tikumalowa masana." A Elena anaganiza kuti ndamva za chitsime ndipo ndakwiya, manyazi anawagwira, n'chifukwa chake amandizemba.

"Ndimadikira kuti mubwere mudzandikalipire, amake Flossie. Simumabwera."

Ndikanabwera bwanji ine wosadziwa? Ine amene ndimayenda midzi isanu ndi iwiri kuuza amayi anzanga kuti mwana asamalere mwana mnzake. Ndili nalo ndi pepala lake lojambulidwa, ndimalipachika pamtengo pa sikelo.

Madzulo ndinamupeza Flossie pakhonde akusankha nyemba. Ndinakhala pambali pake, ndinatengako zina.

"Masiku angati?"

Sanafunse kuti a chiyani. "Asanu ndi limodzi."

"Bwanji sunandiuze za chitsime?"

"Mukanatani, amayi? Musiye ntchito?"

Anapitiriza yekha, maso ali pa lichero, kuti notsi amakopera kwa Sophie, masamu sanatsalire, mayeso a sabata yatha anapeza bwino. Zonse anazikonza kale, ngati munthu wopereka lipoti ku ofesi. Ndinamuuza kuti za Takondwa ndi zanga ndi abambo ake, osati zake, ndipo amayenera kundiuza tsiku lomwelo. Ndinatinso ine ndalakwa, ndimayenera kuona.

Kenako kamawu kakang'ono, kamene sindinakamve chaka chonse chino.

"Mundimenya?"

Ndinati ayi. Basi analira. Kulira kwenikweni, pakamwa yasa, mamina, lichero kugwa, nyemba mbwee pabwalo, nkhuku kuthamangira. Takondwa ataona mkulu wake akulira anayambanso. Ndinawafungatira onse awiri, nkhuku zikudya ndiwo zathu za mawa.

Rafaelo anatulukira ali ndi nkhani yoti a ku Mphunzi akufuna akaonetsenso kumeneko. Ataona mmene tinalili anaima. Nditamufotokozera anakhala pa mtondo nthawi yaitali. "Ine ndimayesa akusewera, achemwali." Akuti achotsa malo amenewo. Flossie, akufwenthera, anati, "Musachotse, amalume. Ndi pamene anaseka kwambiri."

Ndawauza abambo awo zonse pafoni. Lero sindinanene kuti tili bwino.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndapita naye Takondwa ku sikelo. Kuyambira sabata yamawa azikhalanso kwa a Elena, tagwirizana kuti masiku amenewo iwo kudimba azipita madzulo, koma lero ndinafuna ndimubereke ndekha.

M'mawa Flossie anaima pakhomo atavala yunifolomu, akundipatsa malangizo. Chipewa chake musaiwale. Akayamba kukoka khutu ndiye kuti ali ndi tulo. Mbatata muzimupatsa yozizira. Ndinati, "Mayi, pitani kusukulu." Anandiperekeza ndi maso mpaka pa mlatho, ndimamuona ndikacheuka.

Zitunda ndi mwana kumbuyo, Ambuye ndichitireni chifundo. Pa sikelo amayi anandiseka, akuti adokotala lero abwera ndi bwana wawo. Bwanayo wakwera sikelo kasanu, wataya cholembera changa m'ndowa, wagona pa buku la katemera.

Tafika kunyumba cha m'ma folo. Zii. Chitseko chotseka, moto kulibe, mbale za m'mawa zili momwe tinazisiyira, mbuzi ikulira pachingwe padzuwa. Ndowa zonse ziwiri zouma. Ndinafunsa kwa a Elena, akuti Flossie sanamuone.

Watulukira dzuwa litapendeka, akuthamanga, nsapato m'manja. Yunifolomu yang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'munsi, bondo lasupuka, m'matumba mwatupa mapichesi osapsa. Akuti anapita kwa Sophie, anakwera mumtengo, nthambi inathyoka, Sophie anagwera pa nkhumba. Amafotokoza akuseka mpaka mawu osamveka.

Kenako anaona ndowa. Kuseka kunathera pomwepo.

"Amayi, madzi. Ndinaiwala."

Pakamwa ndinali nditatsegula kale, dzanja lili m'chiuno. Ndinalitsitsa. Ndinatenga ndowa zija ndekha, n'kumufunsa kuti nkhumbayo ili moyo?